Chinthu Chimodzi Chokha

Dokotala Imrie akuti maloto ndi njira
imene ubongo wazolowera kuyenda usiku,
ndipo njira imatheka kuipatutsa.
Akulankhula atagwira kapu ya tiyi wozizira kale,
mvula ya ku Dundee ikutsetsereka pagalasi
ngati ilibe kwina kopita.

Ine ndikumuuza za ku Helmand.
Munda wa makangaza, chipata cha buluu,
fumbi lolowa mpaka m'mano.
Ruaridh ali patsogolo panga, mapazi asanu ndi awiri.
Ndimawawerenga usiku uliwonse.
Kenako waya uja, wowonda ngati tsitsi,
ndipo ndimayasama, koma mawu satuluka.

Ndimadzuka 3 koloko itangodutsa, bulangeti litanyowa.
Shona amagona kuchipinda kwa mwana
kuyambira tsiku lija ndinam'finya mkono
mpaka lamba wa wotchi yake kuduka.
Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

"Sinthani chinthu chimodzi chokha," akutero dokotala.
"Mulembe masana, kukuwala.
Muziwerenga kawiri pa tsiku, ngati mankhwala."
Mankhwala enieni aliponso, kapiritsi koyera
kondichititsa chizungulire ndikaimirira mofulumira.

Ndinayesa kum'pulumutsa. Cholembera chinakana.
Munthu amene ndinanyamula nawo bokosi lake ku Arbroath
sindingamulembe akudutsa chipata;
phewa langa likukumbukabe kulemera kwake.

Ndiye ndinasintha waya.
Ndinaukweza m'mwamba, n'kuumanga pa mitengo iwiri,
n'kuyanikapo malaya a mwana, sokosi imodzi, nsalu yofiira.
Ndinkawerenga ndi manyazi
nditakhala m'basi yanga pa depoti, injini itazima.
Sabata yachitatu malotowo anabwera monga kale.
Yachinayi, chimodzimodzi.
Yachisanu ndi chimodzi, mphepo inali kuwomba zovala,
ndipo Ruaridh anawerama, n'kudutsa pansi pake,
n'kucheuka, n'kunditukwana kuti ndikuyenda ngati nkhalamba.
Zimenezo sindinalembe ine.
Mawu ake enieni, osasa pang'ono. Ndinali nditawaiwala.

Ndinadzukabe nthawi yomwe ija.
Koma ndinatsikira kukhitchini, n'kuteleka ketulo,
ndinaima pamenepo mpaka madzi kuwira
osagwira khoma.
Shona anatsika atavala juzi yanga chadodolido.
Anatulutsa makapu awiri.
Mkaka unali utatha.