Mawu Awiri a Asiyatu

Belu litalira, anzake atathawa mvula,
Asiyatu anatsala pakhomo la Fomu Folo
ndi dikishonale yothothoka msana.
"Aphunzitsi, pulakitiko ndi pulagimatiki,
bukuli likuti onse ndi munthu woganiza bwino,
woona zinthu mmene zilili.
Nanga anapangiranji awiri?"

Ndinakanda m'mutu, choko n'kutsalira m'tsitsi.
Zaka makumi awiri ndikuphunzitsa Chingelezi ku Sadzi,
palibe mwana anandikolapo chotere.
Ndinati, mawa.

Pobwerera, tcheni cha njinga chinaduka
ndisanawoloke Likangala.
A Makwinja, pansi pa mango paja ku Mpondabwino,
sanafunse kuti ndinaigula liti.
Anaiyang'ana kamodzi kokha,
n'kuvundula chitini cha tizitsulo,
n'kutola msomali wopindika,
n'kuuwongola pamwala, kho, kho,
kuudula, kuukhoma.
"Ikufikitsani. Mukalandira mugule china."
Zala zawo zakuda bii ndi girisi,
ndipo nzeru zonse zinali mmenemo, m'zalamo.
Ndinati chamumtima: woyamba uja ndi ameneyu.

Chifunga chinali chitameza Ku Chawe.
Kunja kwa msika mayi Nasiyaya
anakhala ndi mbale zitatu za masitiroberi
omwe anatsika nawo m'phiri kusanache.
Mmawa anali pamtengo wa alendo a magalimoto.
Tsopano ankaitanira pamtengo wa tomato.
"Mukudzibera nokha, mayi," ndinatero.
"Ndikudziwa," anayankha osandiyang'ana.
"Mtengo wa mmawa uja ndi wolondola,
koma kulondola sitiphika.
Mawa zikhala zitawola izi.
Fodya wako ndi amene ali pamphuno."
Anandiwonjezera awiri ofewa,
n'kumangirira ndalamazo kunsonga kwa chitenje
mwamphamvu, ngati zawalakwira.

Usiku denga linadontha pamalo pake pomwe paja.
Esinta anatchera beseni, anati tichapira mawa,
n'kugona.
Ine tulo tinandikana.
Ndinatsegula sutikesi ya pansi pa bedi.
Kalata ya ku Chirunga idakalimo,
yachikasu m'mbali, njenjete zitadya deti,
yondiitana kukapitiriza maphunziro
chaka chomwe achimwene anatisiya
ndi ana anayi ndi ngongole ya bokosi.
Ndinaipinda panayi nthawi imeneyo.
Aliyense pamaliropo anati ndaganiza bwino.
Ndinaganizadi bwino.
Anawo onse anaphunzira, wina ndi namwino ku Domasi.
Koma mpaka lero ndikamadutsa pageti paja
ndimapalasa mofulumira.

Kutacha ndinamupeza akundidikira,
yunifomu itanyowa m'mapewa.
Ndinati, lemba.
Woyambayo amakhala m'manja:
amadziwa chochita ndi msomali wopindika,
ndi denga lodontha, ndi zimene zilipo.
Wachiwiriyo amakhala pakhosi,
pamene munthu amamezera malovu:
amadziwa chimene akufuna,
amadziwanso mtengo wake weniweni,
koma amayang'ana kumwamba, amawerenga mitambo,
n'kusiya.
Woyamba akamaliza amasamba m'manja.
Wachiwiri alibe posamba.

Analemba pang'onopang'ono,
lilime lili pakona pa mlomo,
n'kudula mzere pansi ndi rula yothyoka.
Kenako cholembera chinaima.

"Ndiye amayi anga," anatero,
"amene akuti fizi ya teremu ino palibe,
koma kuli bambo wa golosale ku Songani
amene wandifunsira kawiri,
ndipo akuti tisamalote masana,
iwowo ndi uti pa awiriwa?"

Panja ana ankakankhana pa mjigo.
Phiri linali litavula chifunga, lili poyera,
mitsinje yake yonse ikuoneka.
Ndinayang'ana dikishonale ija,
masamba chikwi, msana wothothoka.
Ndinayang'ana manja anga, oyera ndi choko,
osadziwa ngakhale kukhoma msomali.

Ndinati, mawa.
Anatseka kope, n'kutembenuka.
Ndinamuitananso asanafike pakhomo.
Ndati mawa, Asiyatu.
Ubwere.