Dzuwa Laima Pakhomo

Kuno ku Basra mwezi wa Ogasiti
dzuwa silituluka, limatigwera.
Ikamakwana naini koloko chitsulo cha geti
chimaotcha ngati chiwaya chophula kumene,
ndipo mpopi wa madzi ozizira
umalavula madzi oti n'kuphikira tiyi.

Tabarak ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi inayi.
Liwu lomwe amalidziwa bwino ndi limodzi.
Wavala nsapato imodzi, kuphazi lolakwika,
akugogoda chitseko ndi supuni:
Panja, baba. Panja.

Amayi ake apita kukagawa mankhwala kuchipatala.
Ine ndafika mbandakucha kuchokera ku zitsime za mafuta,
m'maso muli mchenga,
ndipo maola asanu ndi anayi atiimirira kutsogolo
ngati masitepe osaoneka pothera.

Tayamba ndi mapoto.
Wawatulutsa onse m'kabati, n'kulowamo iye.
Kenako nyumba ya mapilo, yomwe yagwa katatu,
kachitatuko yagwera ine.
Ndakhala hatchi mpaka mawondo adandaula.
Ndakhala wodwala, iye dokotala,
wandibaya jakisoni wa karoti pamphuno
n'kundilamula kuti ndisalire.
Ndaba kuyang'ana wotchi:
mphindi makumi anayi basi.

Masana magetsi athawa.
Makina oziziritsa m'nyumba atsokomola kawiri, zii.
Tatchera khutu kudikira jenereta ya Abu Sajjad
kumapeto kwa msewu,
koma lero nayo yagona tulo tofa nato.
Kutentha kwalowera pansi pa chitseko
ngati mlendo wodziwa kale mpando wake.
Tabarak wayamba kulira kwake kuja kopanda misozi,
tsitsi litamatirira pachipumi,
ndipo ine, bambo wamkulu ndi ndevu zanga,
ndatsala pang'ono kumuthandiza.

Ndatsegula firiji mwachangu ngati wakuba.
Kuseri kwa nyama ndapeza mbale ya madzi oundana,
pamwamba pake kapepala, dzanja la amayi ake:
Zikavuta.
Mkati mwa chimwala choyeracho mwatsekeredwa
kangamila ka pulasitiki,
mabatani awiri a malaya anga otayika aja,
ndi chipatso chimodzi cha kanjedza.

Takhala pansi m'bafa, pa matailosi.
Wachigwira, wachotsa dzanja msanga,
wandiyang'ana ngati ndamupusitsa.
Kenako wanyambita.
Ndamupatsa kapu ya madzi a pampopi,
omwe aja ndimawatukwana m'mawa,
ndipo akuthira pang'onopang'ono, lilime lili kunja,
kupulumutsa ngamila.
Latuluka linunda.
Patapita nthawi, khosi.
Mwendo wakumbuyo wakana mpaka mapeto.
Ola lathunthu lapita, panja osatchulidwa.

Ngamila itamasuka wayifunditsa thaulo.
Akuti ikumva kuzizira.
Mu mzinda wonse uno ndi iyo yokha.

Madzi otsala m'beseni sitinataye.
Waviika burashi yanga yometera
n'kundijambula pakhoma la simenti:
mutu waukulu, makutu atatu.
Asanafike kumiyendo, mutu wauma kale.
Baba wapita, akutero, osadandaula,
n'kuyambanso.
Lero ndapita kasanu ndi kawiri
ndipo kasanu ndi kawiri wandibweza.

Cha m'ma folo jenereta yadzuka ndi mkonono wake.
Mphepo yozizira yatipeza tili gone pansi,
iye tsaya pa matailosi, batani m'nkhonya,
ine msana pachitseko cha bafa,
mwendo wachita dzanzi koma sindiusuntha.

Amayi ake alowa dzuwa litafooka,
avula nsapato, ayang'ana mapoto mbwee m'khonde,
mbale yopanda kanthu, ndi ine.
Sanafunse.

Usiku uno ndisanapite kuntchito
ndadzaza mbale ija ndi madzi,
ndikuzungulira m'nyumba kusaka zokwirira:
kiyi wa loko yomwe tinataya,
chitsekerero cha botolo, theka la chipeso.
Ogasiti watsala ndi masiku khumi ndi asanu ndi anayi
ndipo ngamila tili nayo imodzi yokha,
nayonso yagona m'manja mwa mwini wake
itafunda thaulo.