Madontho Awiri

Giyabokosi tinaitsitsa dzuwa lisanafike pamutu,
ine ndi Mpatsa, chagada pa katoni yonyowa,
fumbi la Ndirande likutithothokera m'maso
lole ikangodutsa kupita ku Makata.
Titachotsa kilachi linaonekera,
gudumu lomwe silinapondepo msewu:
fulayiwilo, mano atatu ataguluka
ngati a munthu wotsegulira anzake mabotolo.
N'chifukwa chake minibasi ya a Nasiyaya
inkangoti kwerere m'mawa pa Chinseu,
kondakitala akukankha, okwera akutukwana.

A Likoswe ali pa tayala lawo, patsinde pa mpanda wa malata.
Chigwereni mu Epulo
dzanja lamanja limangogona pa ntchafu
ngati sipana yoiwalika.
Mawu amanyamuka bwinobwino
koma amafika pakamwa atasweka.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndinali wowapatsira zitsulo.
Lero palibe wonditi, iwe, taleka.

Ndinatenga choko kuti ndiike chizindikiro,
gudumu lidzabwerere momwe linakhalira.
Ndikupukuta girisi ndi chala chachikulu
ndinamva tizibowo.
Madontho awiri a panchi pa gudumu,
awiri ena pa kalankishafuti, akuyang'anizana.
Amakaniko onse a mbali ino amakhoma limodzi.
Awiri ndi a munthu mmodzi yekha.
Liti? Mwina galimotoyi ikadali yoyera,
ikadali ya mpingo, ikunyamula kwaya,
ine ndisanamere mano.
Choko ndinachibweza m'thumba.

Ndinapinga mano ndi chitsulo kuti lisatembenuke.
Mabauti asanu anamvera.
Lachisanu ndi chimodzi linakana.
Tinalimwetsa palafini, tinavala paipi ku sipana,
Mpatsa anaponda mpaka patapata kuduka,
ndipo linalira, n'kulola.

Kenako linanditsikira pachifuwa.
Chinthu chikamazungulira
sudziwa kuti chimalemera chonchi.

Magetsi anali atapita kuyambira usiku.
Mkombero wa mano wogula ku Limbe
tinauwotcha pa makala a mayi wa chimanga,
iye akudandaula kuti tikumuthera moto,
mpaka unafutukuka, n'kugwera m'malo mwake, khwa!
n'kugwira pamene unkazizira.

Ankandiuza, pakamwa pakadali pawo:
injini sikankha nthawi zonse, mwanawe,
imakankha kamodzi, katatu n'kungoyenda ndi ngongole.
Gudumu ili ndilo limasunga mphamvu ya dzulo,
limaolotsa injini pomwe palibe moto.
Ndinkangoti eya, maso ali pa mandasi.

Pobwezera, mikono ikunjenjemera,
madontho ndinawakumanitsa ndi anzawo.
Mabauti osamanga motsatana ngati mzere wa pachigayo:
ili, kenako la kutsidya, ubwerere, udumphe,
pang'onopang'ono, katatu kuzungulira,
mpaka sipana yobwereka ija inene kuti tcha.
Foni ya a Nasiyaya inalira pakati,
za ngongole ya ku banki mkhonde,
za mwana wobwezedwa fizi ku Nyambadwe,
ndipo ndinasokonezeka.
Ndinati ndatha. Ndinayamba kukwawa kutuluka.

Mpanda unalira. Ndodo pa lata, kawiri.
A Likoswe, dzanja lamanzere m'mwamba,
chala chimodzi chili njo.
Ali kutali choncho, sakuona kanthu pansi pano.
Amawerenga ndi makutu.
Asanu. Amva asanu.

Ndinabwerera pansi.
Lapamwamba kumanja linali lisanafike.
Ndinakoka. Tcha.
Dzanja lija linatsika.

Giyabokosi inatidya maola ena atatu ndi khungu la m'zala.
Phiri litayamba kuda, Mpatsa anapotoza kiyi:
kamodzi kokha.
Inalira mosalala, galasi osagwedera.
A Nasiyaya anapereka theka, ina Lachisanu,
Lachisanu lake sananene.

Tikusamba m'manja ndi mchenga ndi sopo wa ufa,
Mpatsa anafunsa bwanji sindinakhome dontho langa.
Ndinati panchi sindinaione.
Inali m'thumba la ovolosi, ikundibaya,
pamene ndinkawakweza a Likoswe pa kabaza,
ndikuuza mnyamatayo kuti pa mabampu aziyenda bwino.