Mapazi Khumi ndi Awiri

Ine ndimayeza anthu atagona.
Zaka makumi atatu ku Mchesi,
tepi m'thumba, pensulo kukhutu,
kukhomera mabokosi iwo amene aleka kuyenda.
Ndiye atati impso yakumanzere ichoke
ndinadziyeza ndekha usiku, osauza munthu,
n'kubisa matabwa asanu a mkungudza kuseri kwa shedi.

Ndinatsitsimuka ku Central kukhosi kuli gwa,
kachubu katatulukira kumene sinditchula,
thumba lili lende m'mbali mwa bedi.
Nankhoma, amene anandisungira ulemu zaka zonsezi,
lero akusuzumira mkodzo wanga ngati mafuta a pamsika,
akulemba manambala pachikuto cha buku la kuchipatala.
Wayamba kuyera, akutero, dzulo unali ngati tiyi wopanda mkaka.

Kutangocha, Sisitala Ndaziona pabedi:
Bambo, dzukani.
Ndinati, mwanawe, andisoka dzulodzuloli.
Iye anati, n'chifukwa chake,
bedi limadya munthu kuposa mpeni.

Anandikumbatiritsa pilo pabala.
Phazi loyamba, simenti inapendekeka.
Lachiwiri, ndinatukwana chamumtima.
Chitsulo cha diripi chikulira kwii kwii pambali panga
ngati wilibala yosowa girisi.
Mapazi khumi ndi awiri kukafika pawindo.
Ndinawerenga. Kuyeza ndiyo ntchito yanga.

Anandipatsa chingamu, ine wa imvi,
kuti matumbo amve kuti kunja kwacha.
Anandipatsa gulovu kuti ndiziuzira,
zala zisanu zikutupa, zikundibayibitsa.
Madzi, supuni supuni. Kenako phala lamadzimadzi.

Tsiku lachitatu ndinaphwisa.
A Chikadza a ku Nathenje, bedi loyandikana,
anaomba m'manja ndi dzanja la diripi lomwelo.
Sisitala anakalemba m'faelo.
Chibadwire sindinatamandidwepo chotero.

Koma usiku wachinayi thupi linatentha,
ndinakana kudzuka, ndinakana phala,
ndinakumbuka matabwa aja.
Nankhoma sananene kanthu.
Anangoika masilipasi anga pansi, kuwalozetsa kukhomo,
n'kukhala chete mpaka ndinachita manyazi.

Makumi anayi. Makumi asanu ndi awiri.
Mpaka kukhonde kumene magadiyani ayanika zitenje,
kumene umamva maminibasi akuitanira m'tauni,
ndi fumbi la Okutobala likukukanda m'mphuno.
Ndinayetsemula, bala linalasa,
ulusi sunaduke.

Tsopano ndili kwathu, impso imodzi ikugwira ntchito ya awiri.
Andiletsa kunyamula cholemera masabata asanu ndi limodzi.
Botolo la madzi lili pamene pankakhala fodya.
Dzulo ndinatuma mphwanga Limbani kuseri kwa shedi:
tulutsa matabwawo, cheka miyendo inayi.
Benchi lake latuluka lalitali, ndendende msinkhu wanga.
Ndimakhalapo pang'ono chabe.
Kenako ndimadzuka.