Dziko Lopanda Chidindo

Folo koloko m'mawa, Mayfair akadali m'tulo,
ine ndi Rebwar tayamba kale kukanda ufa.
Juni wa ku Joni amaluma zala.
Foni yake waitsamiritsa pa thumba la shuga,
ndipo kuseri kwa galasi lake long'aluka
mzinda wina ukupsa mwakachetechete.
Watsitsa mawu kuti asandisokoneze,
ngati kuti utsi umasowa womasulira.

Tsiku lina ndinamufunsa: kwanu n'kuti, achimwene?
Anawaza ufa patebulo,
najambula mapiri ndi chala,
kenaka anatenga mpeni wa buledi
n'kudula kawiri, chopingasa.
Apa Turkey, apa Iraq, apa Iran, apa Syria.
Nanga kwanuko?
Anandilozera m'mene mpeni unadutsa.

Ine masiku anga m'pasipoti anatha kalekale.
Pa Bree ndikaona yunifolomu ndimasanduka khoma.
Koma tsiku limene adzandigwire,
ku Lindela adzadziwa basi yondikweza:
Mwanza, Zalewa, Balaka,
mayi ataima pakhomo, manja m'chiuno.
Iye chipepala chake cha ku Home Affairs,
chopindidwa mpaka kufewa ngati nsanza,
chimamutcha nzika ya dziko
limene ndege zake zimazungulira denga la mlongo wake.

Amati: ife Akurdi ndife agalu a uzimba.
Nkhondo ikavuta amatiimbira mluzu,
timalowa m'minga, timatuluka ndi mabala,
koma pogawana nyama chitseko amatseka.
Nkhondo ino ikatha, adzatikumbuka?
Amafunsa uvuni. Uvuni umangouza moto.

Lachisanu lina tinakwera takisi limodzi,
iye atavala kachipewa kake koyera,
chikwama cha buledi wotsala pamiyendo.
Mayi wina anakokera mwana wake kufupi.
Mnyamata wakumbuyo anati, bhuu!
nakweza manja ngati chinthu chaphulika.
Takisi yonse inaseka.
Ine sindinaseke, ayi,
koma ndinayang'ana pawindo,
kuwerenga zikwangwani zimene ndimazidziwa kale.

Ndipo usiku womwewo mayi pa foni:
Maliseni, ndamva ukugwira kwa Asilamu.
Samala mwanawe, aja amadula anthu pakhosi,
ndinaona ndekha pa kanema kwa a Nachisale.
Ndinati, chabwino amayi.
Sindinawauze za chithunzi chili pamwamba pa sikelo,
mnyamata wa ndevu zongoyamba kumene,
Hozan, mng'ono wake wa Rebwar,
amene anagwa atatsekereza msewu wa kumudzi kwawo
kuti odula pakhosi aja asalowe.
Ankapemphera kasanu pa tsiku, ngati mkulu wakeyu.
Amene anamupha nawonso ankati akupemphera.
Ndikanayamba pati, ndi mayunitsi a mphindi ziwiri?

Lero foni yalira mtanda usanafufume.
Zozan. Mawu akuduka-duka,
kumbuyo kwake chinachake chikugunda ngati mtondo.
Rebwar akungobwereza liwu limodzi,
sindilidziwa, koma ndalimva:
ndi lomwe tonse timanena
tikakhala kutali, manja ali mu ufa wa eni.
Kenaka foni yangoti zii.

Ku mzikiti wa kuseri kwa njanji ayamba kuitana.
Wasamba m'manja, kumaso, kumapazi,
madzi ozizira ngati chitsulo.
Wayala thumba la ufa lopanda kanthu
pakati pa firiji ndi makatoni a mazira.
Ine wa Mpingo wa Sabata
ndaima pakhomo, ndikuyang'anira uvuni,
ndipo kasitomala woyamba atagogoda
ndamuuza kuti adikire kaye, abwana ali pa msonkhano.

Mapu a tsiku lija sanawafufute ndi nsalu.
Anawakokolola ndi chikhatho, mapiri ndi malire omwe,
n'kuwaponya mu mtanda.
Pofika seveni koloko
alonda otuluka ku ntchito, anamwino, ana a sukulu,
mwina ndi mnyamata wa m'takisi uja,
anali atagula, atanyema, atadya
dziko limene silipezeka pa chidindo chilichonse,
n'kumati lero buledi wakoma.