Chala cha Perlita

Mzere wa pa holo ya mzinda wa Iloilo
unayamba kusanache, maambulera akudontha.
Perlita anafika pa tebulo langa cha m'ma leveni
atakulunga lisiti la lendi m'pulasitiki:
anasamuka, madzi osefukira anatenga nyumba yakale.

Ndinati, ikani chala apa.
Makina anakana.
Tinayesanso. Anakananso.

Zaka makumi atatu akuchapira eni zovala,
sopo anadya mizere yonse ya chala chake.

Anaseka, nachipukuta pa siketi,
nachiuzira mpweya ngati khala lofuna kuzima.
"Boma silindidziwa?
Komatu makolala a malaya awo amandidziwa."

Kachisanu, kagetsi kobiriwira kanayaka.
Ndinalemba adiresi yatsopano
pang'onopang'ono,
iye atawerama, akundiwerengera
zilembo za dzina la msewu wake.