Wolawa Nyenyezi

Zaka makumi awiri ndalawa tiyi ku Makwasa.
Sipuni imodzi, kuchukucha, kulavula,
ndikuuzani munda umene wachokera,
ngati chiperoni chinagona pamasamba
kapena anyamata anapsereza.

Ndiye Felista atabwera kutchuthi
n'kunena kuti iye amalawa nyenyezi,
sindinaseke.

Akuti kuli mayiko a miyala kutali kosafikika,
ozungulira madzuwa awoawo.
Saoneka. Amangodutsa kutsogolo kwa dzuwa lawo
ngati kadziwotche pagalasi la nyali,
kuwala n'kuphethira pang'ono.
Dzikolo likakhala ndi mpweya
kuwala kumasefedwa m'mphepete mwake
n'kufika kuno mitundu ina itatsalira.
Chosowacho, akuti, ndiye uthenga.

Anandionetsa pafoni timadontho tandondozana
mzere wathyathyathya, wopanda n'kachulu komwe.
"Ili n'lamaliseche, ababa. Mwina.
Mwala wokhawokha, wopsa mbali imodzi.
Zaka ziwiri ndalidikira."
Anaseka, koma foniyo anaizimitsa msanga.

M'bandakucha tinakwera kumtunda kwa munda,
mame akunyowetsa mathalauza.
Mulanje anali uko, chithanthwe chakuda bii,
atafunda kamtambo kopyapyala ngati chitenje chakutha,
dzuwa likubowola m'mphepete,
kufiira, kenaka chikasu.
"Chimenecho," anatero. "Kansalu kameneko basi."
Thirakitala ya othyola inadutsa, tinapatuka.

Ine za kumwamba sindizidziwa.
Ndinangomuuza zomwe ndimauza
anyamata atsopano pathebulo la makapu:
kapu yoyamba imanama, mwanawe.
Tsuka m'kamwa.
Lawanso.